Giya ikalimba, musathamangire kutsitsa giyabokosi

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi eni magalimoto osintha magiya ndi dzanja, makamaka a maminibasi, mapikiapu ndi malole ang'onoang'ono, pa vuto lomwe likuwadyera ndalama m'magalaja popanda chifukwa chenicheni. Vutolo ndi la giya yolimba: ndodo ya magiya yofuna kukankha ndi mphamvu, yokana kulowa, kapena yolowa zitsulo zikukhulana. Galimoto yotere ikangofika pagalaja, mawu oyamba omwe mwini wake amamva kawirikawiri ndi akuti "giyabokosi yatha, titsitse." Ine ndikukana. Zinthu zambiri zomwe zimalimbitsa giya zili kunja kwa giyabokosi, ndipo mungathe kudziwa komwe kuli vuto musanagwire n'komwe sipanala.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, zimitsani injini. Pondani klatchi n'kulowetsa magiya onse, imodziimodzi, mpaka rivesi. Nthawi zina giya yoyamba kapena rivesi imakana chifukwa mano ayang'anizana. Lowetsani ina kaye n'kubwereranso, umenewo si matenda. Mukatero lizani injini n'kubwereza zomwezo. Ngati magiya amalowa mofewa injini itazima koma akulimba injini ikulira, wolakwa ndi klatchi. Injini ikazima palibe chomwe chikuzungulira mkati mwa giyabokosi, choncho klatchi kaya ikumasula kaya ayi sizisintha kanthu. Injini ikalira, klatchi yosamasula bwino imapitiriza kuzunguza shafiti yolowa m'giyabokosi ngakhale phazi lili pansi, ndipo giya singalowe mwamtendere pa shafiti yomwe ikukokedwa ndi injini. Ngati ndodo ndi yolimba nthawi zonse, injini ilire isalire, yang'anani makebulo ndi zolumikizira za ndodoyo. Ngati ikulimba m'mawa mokha n'kufewa galimoto ikatentha, kayikirani oilo. Ngati ndi giya imodzi yokha yomwe ikuvuta, zinazo zili bwinobwino, apo ndiye tingayambe kukamba za mkati.

Pali kuyesa kwina kotsimikizira klatchi. Injini ikulira, ndodo ili pa nyutulo, pondani klatchi mpaka pansi, werengani pang'onopang'ono kufika pa 5, kenako lowetsani rivesi. Pa magalimoto ambiri rivesi ilibe synchro, kachipangizo kofananitsa liwiro la magiya, ndiye siyibisa kanthu. Ikakhula mutadikira chonchi, klatchi ikukokabe. Mukaona kuti kupopa chopondera cha klatchi katatu kapena kanayi musanalowetse giya kukuthandiza, dziwani kuti muli mpweya m'paipi ya klatchi kapena mphira za m'masilinda a klatchi zatha. Galimoto yoyamba kukwawa yokha mu giya yoyamba klatchi mutaiponda mpaka pansi ikunenanso zomwezo.

Musanapite patali, suzumirani pansi pa chopondera. Kapeti yokhuthala kapena mphira yoyala kawiri imalepheretsa chopondera kufika kumapeto, ndipo masentimita awiri otayikawo ndi okwanira kulimbitsa magiya onse. Zimaoneka ngati nthabwala koma zimachitika.

Klatchi za magalimoto ambiri omwe ali m'misewu yathu, monga Hiace, Hilux ndi Corolla, zimayendera mafuta a mabuleki. Kumtunda, kuseri kwa chopondera, kuli master cylinder, silinda yomwe imakankha mafutawo mukaponda. Kumunsi, pambali pa giyabokosi, kuli slave cylinder yomwe imakankha foloko ya klatchi, chitsulo chomasulira klatchiyo. Tsegulani boneti muone kabotolo ka mafutawo. Pa magalimoto ena n'kapadera, pa ena klatchi imamwa m'botolo lomwelo la mabuleki, ndipo potulukira pa klatchi amaika chakumtunda dala kuti mafuta akamachepa klatchi iyambe kuvuta mabuleki asanafe. Mafuta akachepa kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti akutuluka penapake, sauma okha. Gwirani ndi chala pomwe kandodo ka chopondera kamalowera mu master cylinder, mkati mwa galimoto: mukapeza ponyowa, kapena penti yasupuka, mphira ya kumbuyo yatha. Kumunsi, funyululani kamphira kophimba fumbi ka slave cylinder. Mukatuluka mafuta, nayonso yatha. Master cylinder ingathenso kufa osadontha kunja. Mafuta amangozemba mphira mkati momwemo n'kubwerera m'botolo. Mudzaizindikira poponda klatchi n'kukhala osachotsa phazi kwa theka la mphindi: giya yomwe imalowa mukangoponda imayamba kukana, kapena galimoto imayamba kukoka yokha.

Mphira zokha zimagulitsidwa motchipa, ndipo zimagwira ntchito ngati mkati mwa silinda muli mosalala. Mukakhala mikwingwirima kapena timaenje ta dzimbiri, mphira yatsopano siikhalitsa. Gulani silinda yonse. Langizo langa ndi lakuti imodzi ikafa pa galimoto yakale, musinthe zonse ziwiri, chifukwa zakalambira limodzi ndipo yatsopano imafulumizitsa imfa ya inzake.

Mafuta oyenera ndi DOT 3 kapena DOT 4, malinga ndi zomwe zalembedwa pa chitsekerero. Musathiremo oilo wa injini, wa pawa sitiyaringi kapena wina aliyense wochokera ku mafuta okumbidwa pansi, ngakhale dontho: mphira zimafufuma n'kuwonongeka zonse. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri, ndipo a m'botolo lomwe lakhala lotsegula kwa miyezi si ogula. Amadyanso penti, choncho akadonthera pagalimoto tsukanipo ndi madzi nthawi yomweyo.

Kuchotsa mpweya, komwe amakaniko amati kubulida, kumafuna anthu awiri, kapaipi koonekera mkati kotalika theka la mita, botolo loyera ndi sipanala ya 8 kapena 10 mm. Dzazani kabotolo ka kumtunda. Vekani kapaipi pa kanipo kotulutsira mpweya ka slave cylinder, mbali inayo imire m'mafuta pang'ono m'botolo. Mnzanu aponde klatchi pang'onopang'ono katatu n'kugwira pansi. Inu masulani kanipo pang'ono chabe, mafuta ndi thovu zituluke, mangani, ndiyeno muuzeni achotse phazi. Akachotsa phazi kanipo kali kotsegula, mpweya umabwereranso ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Chopondera chikatsalira pansi, achikoke ndi dzanja. Bwerezani mpaka m'kapaipi muziyenda mafuta oyera opanda thovu, uku mukuwonjezera kumtunda kuti kabotolo kasaume. Onani kenako mnzanu akuponda: foloko iyenera kuyenda ulendo wake wonse mosadodoma. Dziwaninso kuti magalimoto ena atsopano ali ndi slave cylinder ya mkati, yomangidwa limodzi ndi release bearing, beringi yomwe imakankha klatchi kuti imasule. Imeneyo ikadontha palibe kuchitira mwina, giyabokosi iyenera kutsika.

Chopondera chili ndi muyeso wake. Kanikizani ndi chala muyeze ndi rula mtunda womwe chimayenda chopanda mphamvu chisanayambe kulemera. Pa Toyota zambiri mtundawo uyenera kukhala pakati pa 5 ndi 15 mm, ndipo klatchi iyenera kukhala itamasula chopondera chisanafike pansi ndi 25 mm kapena kuposerapo. Mpata ukachuluka, gawo lina la ulendo wa phazi limangotayika ndipo klatchi simasula mokwanira. Amakonza pomasula nati yomangira kandodo ka master cylinder n'kukapotoza pang'onopang'ono, theka la kuzungulira nthawi imodzi. Koma osauthetseratu mpatawo: pisitoni ikapanda kubwerera kumapeto imatseka kabowo kobwezera mafuta m'botolo, mafuta akatentha amakankha klatchi okha, ndipo imayamba kuterera. Pa magalimoto a klatchi ya kebulo nkhani ndi yomweyo: kebulo imatamuka ndi zaka, ndipo nati yoikokera imakhala kumapeto kwake, pafupi ndi foloko kapena pomwe imatulukira m'chipinda cha injini. Kebulo yomwe yayamba kuduka timawaya siyofunika kukoka, n'njofunika kusintha.

Zonsezi zikakhala bwino koma klatchi n'kumakokabe, vuto lili m'klatchi momwemo: puleti ya klatchi yopindika, puleti yomatira chifukwa oilo wadonthera kuchokera ku silu, mphira yotchinga oilo, ya kumbuyo kwa injini, mano a shafiti ochita dzimbiri moti puleti siitsetsereka, zala za pressure plate, chitsulo chopanikiza puletiyo, zotha kapena zosalingana, foloko yong'aluka, kapena pilot bearing, beringi yomwe nsonga ya shafiti imakhalamo kumbuyo kwa injini, itagwira moti ikuzunguza shafiti ngakhale puleti yamasuka. Apa giyabokosi itsika ndithu, koma kutsitsa si kutsegula. Igone pambali yosaphwasulidwa. Puleti imayesedwa: mitu ya marivete ikhale yobisika ndi 0.3 mm kapena kuposerapo, ndipo kupindika kwake pa Toyota kusapitirire 0.8 mm. Sinthani puleti, pressure plate, release bearing ndi pilot bearing nthawi imodzi, chifukwa mtengo waukulu pa ntchitoyi ndi wotsitsa ndi kukweza. Pa mano a shafiti pakani girizi wopirira kutentha wochepa kwambiri, n'kupukuta wotsala. Wochuluka amamwazikira pa puleti yatsopanoyo. Pokweza, giyabokosi isalendewere pa puleti mabawuti asanamangidwe, ndipo isakokedwe ndi mabawuti kuti ilowe mokakamiza. Mapuleti ambiri atsopano amapindikira pamenepo, galimoto n'kutuluka m'galaja ndi matenda omwe inalowa nawo.

Tibwerere ku ndodo yolimba ngakhale injini itazima. Pa galimoto zokoka ndi matayala a kutsogolo ngati Corolla, ndodo imalumikizana ndi giyabokosi kudzera m'makebulo awiri: imodzi yosankha mzere ndodo ikamapita kumanzere ndi kumanja, ina yolowetsa giya ikamapita kutsogolo ndi kumbuyo. Pa maminibasi ndi malole omwe dalaivala amakhala pamwamba kapena patsogolo pa injini, makebulo kapena ndodo zolumikizira zimakhala zazitali, zodutsa pansi pomwe pali fumbi, matope ndi kutentha kwa ekizozi. Njira yodziwira ndi yapafupi. Chotsani timapini tomwe tagwira makebulo pa giyabokosi, muwasiye alendewere. Yendetsani ndodo m'galimoto: iyenera kuyenda ndi chala chimodzi. Ikalimbabe, vuto ndi kebulo kapena tsinde la ndodo. Kenako yendetsani ndi dzanja timikono ta pa giyabokosi. Kawirikawiri mudzapeza kuti kamkono kosankhira mzere kagwira dzimbiri pa msomali wake. Kamasuleni, kapaleni ndi sandipepala yosalala, pakani girizi, bwezeranipo. Kebulo yomwe chikopa chake chang'ambika kapena kupsa ndi ekizozi imalowa madzi n'kuchita dzimbiri mkati. Kuthiramo oilo kumangoinyengerera masabata ochepa, pomaliza muigulabe. Mabushi a mphira ndi pulasitiki a kumapeto kwa makebulo akatha, ndodo imagwedera ndipo giya siifika pomwe ikuyenera kufika, makamaka yoyamba, yachisanu ndi rivesi zomwe zili m'mphepete.

Pa Hilux ndi mapikiapu ena omwe ndodo imalowa mwachindunji pamwamba pa giyabokosi, pali tizinthu tiwiri totchipa tomwe tanamizira magiyabokosi ambiri: kampando komwe mpira wa ndodo umakhalapo, ndi kabushi ka pulasitiki ka kunsonga kwa ndodoyo. Tikafumbutuka, ndodo imamira, imagwedera, ndipo magiya amasowa. Amasintha ali m'galimoto momwemo, atangochotsa chophimba cha ndodo, ntchito yosafika ola limodzi. Onaninso mamaunteni a injini ndi a giyabokosi, mphira zomwe zimazigwirizira ku galimoto. Akaduka, injini imapendekeka mukamanyamuka kapena kukwera mtunda, n'kumakoka zolumikizira. Giya imalimba pa katundu pokha, nthawi zina n'kumatuluka yokha.

Tsopano nkhani ya oilo, yomwe ndi yondidandaulitsa kuposa zonse, chifukwa pamenepa anthu akuwononga magiyabokosi abwinobwino ndi ndalama zawo zomwe. Pali chikhulupiriro choti oilo wa magiya ndi mmodzi, ndipo wolemera ndiye wabwino. Ndiye munthu amagula 85W-140, oilo wa difu ya lole, n'kuthira m'giyabokosi ya galimoto yaing'ono. M'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu giya yachiwiri siilowa mpaka atayenda makilomita angapo. Chifukwa chake n'chakuti synchro imagwira ntchito pokhulana: kamphete ka buraasi kamakanikiza pa msonga yosalala ya giya, n'kufinya oilo kuti achoke pakati, kenako n'kugwira giyayo kuti liwiro lake lifanane ndi la shafiti mano asanalumane. Oilo wolemera ndi wozizira sachoka msanga, ndiye kamphete kamachedwa kugwira, dalaivala n'kumakankha ndi mphamvu, kamphete ndi foloko yolowetsa giya n'kumatha.

Kupatula kulemera, pali zilembo za GL zomwe zimalembedwa pa botolo. GL-5 anapangira madifu, momwe mano amatsetserekana pa katundu wolemera, ndipo ali ndi mankhwala a salfa ndi fosifolasi ochuluka kuposa GL-4. M'giyabokosi yomwe anaipangira GL-4, mankhwala ochulukawo amachepetsa kugwira kwa synchro, ndipo ena amadya buraasi oilo akatentha. Nambala 5 sikutanthauza kuti ndi wabwino kuposa 4; ndi wa ntchito ina. Pali magiyabokosi omwe opanga ake amalola onse awiri, monga a Corolla zakale omwe buku lake limati 75W-90 wa GL-4 kapena GL-5. Pali ena omwe safuna oilo wa magiya wamba n'komwe: Honda ili ndi oilo wakewake wopepuka wotchedwa MTF, ndipo ena amathira ATF, oilo wofiira uja wa magalimoto osintha okha magiya. Choncho funso si lakuti "muli ndi oilo wa giya?" koma lakuti buku la galimoto yanu likuti chiyani. Buku likasowa, kapena likakhala la m'Chijapani monga zimakhalira ndi magalimoto ochokera ku Japan, manambala ndi zilembozo zimawerengekabe, ndipo amapezekanso pa intaneti mukalemba mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Oilo wopungulira m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu musiyeni, poti palibe angakuuzeni kuti ndi wanji.

Kusintha oiloyu si ntchito yovuta. Yendetsani galimoto mphindi khumi kuti oilo afunde. Iimikeni molingana, mukaikweza, ikhale pa masitandi, osalowa pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke. Yambani kumasula pulagi yothirira, ya m'mbali, musanakhudze yokhuthulira ya pansi. Mukakhuthula kaye kenako n'kupeza kuti yothirira yakana kumasuka, mwatsala ndi galimoto yosayenda. Pa Toyota zambiri mapulagiwa ndi a 24 mm, ndipo mitu yake ndi yaifupi, choncho gwiritsani soketi ya makona 6 yokhala bwino, osati shifitingi yomwe imaperesa makona. Samalaninso kuti musamasule bawuti ina yofanana nayo, chifukwa pa magiyabokosi ena pambali pomwepo pali bawuti yogwira shafiti ya rivesi. Pulagi ikachoka, pisani chala: oilo ayenera kukhala pakamwa pa bowo kapena kutsikirako osapitirira 5 mm. Akachepa kwambiri, funani podontha, makamaka pa masilu a madiraivi shafiti ndi a kumbuyo kwa giyabokosi.

Oilo wotuluka mumuyang'anitsitse m'beseni loyera, padzuwa. Wakuda chabe ndi wokalamba. Wooneka ngati tiyi wa mkaka walowa madzi, zomwe zimachitika nthawi ya dzinja galimoto ikawoloka pamadzi akuya: giyabokosi yotentha ikazizira mwadzidzidzi imakoka madzi kudzera pa kabowo kake kopumira. Wotero asinthidwe tsiku lomwelo, ndipo ndi bwino kumusinthanso pakapita masabata ochepa. Tinthu tonyezimira tachikasu ndi buraasi wa synchro. Utuchi wosalala wa chitsulo pa maginito a pulagi si woopsa, koma tizidutswa togwirika ndi zala ndi mano kapena beringi, ndipo apo oilo watsopano sathandiza. Pukutani pulagi, ikani washa watsopano, mangani. Pa Corolla muyeso wake ndi 39 Nm, ndipo kumanga mopitirira kumavula mazinga a aluminiyamu. Thirani ndi kapampu kapena paipi ndi fanulo mpaka oilo ayambe kubwerera pa bowo, dikirani asiye kuyenderera, tsekani. Giyabokosi ya Corolla ya magiya asanu imamwa malita 1.9; za mapikiapu zambiri zili pakati pa malita awiri ndi atatu. Pa misewu ya fumbi ndi katundu yemwe maminibasi athu amanyamula, ine ndingati oiloyu asapitirire makilomita 40,000 mpaka 60,000. Zothira zina zogulitsidwa m'timabotolo zoti zimafewetsa magiya musazikhulupirire msanga: choterereretsa kwambiri chimalanda synchro kugwira komwe ikufuna.

Klatchi ikamasula, zolumikizira zikafewa, oilo akakhala woyenera, koma giya imodzi n'kumakhulabe, makamaka yachiwiri kapena yachitatu mukamasintha mofulumira kapena kutsika kuchokera ku giya ya pamwamba, synchro ya giya imeneyo yatha. Mungatsimikize poponda klatchi kawiri: pondani n'kuika pa nyutulo, chotsani phazi, ngati mukutsika giya pondani mafuta pang'ono, pondaninso klatchi n'kulowetsa. Ikalowa mwakachetechete, mwachita ndi phazi ntchito yomwe synchro yalephera, ndipo mungayende choncho mpaka ndalama zitapezeka. Potsegula, makaniko ayeze mpata wa pakati pa kamphete ndi giya ndi feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mpata; buku limapereka malire, omwe pa magiyabokosi ambiri ali cha pa theka la milimita kapena kuposerako pang'ono. Ayang'anenso timano ta giya ndi ta siliva (sleeve) yake, mkombero womwe umatsetsereka n'kulumana ndi giyayo, mafoloko ndi maberingi, chifukwa kamphete katsopano pa timano toperepeseka sikathetsa vuto. Ogula giyabokosi yogwiritsidwapo kale ntchito aipime isanakwezedwe: azunguze shafiti ndi dzanja m'giya iliyonse, achotse pulagi aone zomwe zamatira pa maginito, afananize nambala yake ndi ya yakale.

Madalaivala nawonso ali ndi gawo lawo. Dzanja losiyidwa pa ndodo ulendo wonse limakanikiza foloko pa siliva yomwe ikuzungulira, phazi logonera pa klatchi limamaliza release bearing, ndipo kulowetsa rivesi galimoto isanaimiretu kumabenthula mano. Giya ikakana, bwererani pa nyutulo, chotsani phazi, pondaninso, osaimenya.

Kwa eni magalimoto, pempho langa ndi lakuti makaniko akanena zotsitsa giyabokosi, mufunseni akuonetseni muli pomwepo zinthu zinayi: kusiyana kwa magiya injini itazima ndi ikulira, ulendo wa foloko ya klatchi, kufewa kwa ndodo makebulo atachotsedwa, ndi oilo wotuluka m'giyabokosimo. Mufunsenso botolo la oilo yemwe akufuna kuthira muwerenge nokha, ndipo zipangizo zonse zomwe wachotsa akubwezereni.

Makaniko wa magalimoto,
Lilongwe